Kusamala memory ya data logger m'galimoto ya mpikisano

Galimoto ikabwerera ku pit, malo okonzera magalimoto pa bwalo la mpikisano, pa chingwe injini itafa, aliyense amafunsa funso limodzi: chinayamba n'chiyani, oyilo kapena madzi? Dalaivala sangakuuzeni zambiri. Iye anangomva kugogoda, anaona utsi pagalasi, n'kupatukira pa udzu. Chodziwa zenizeni ndi kabokosi kaja komangidwa kuseri kwa chiwongolero kapena pansi pa mpando, data logger, kamene kamalemba zonse zimene masensa akuona. Koma kabokosiko kamangokuuzani zimene kanasunga. Ndaonapo anthu akulumikiza laputopu manja ali njenjenje, n'kupeza kuti fayilo yathera pa lap 11 pomwe injini yafa pa lap 14. Ma lap atatu amene amafunikawo palibe.

Zikatero anthu amathamangira kunena kuti memory ndi yochepa, tigule yaikulu. Kawirikawiri vuto silikhala limenelo. Data imatayika chifukwa palibe amene anakhala pansi n'kusankha, galimoto isanatuluke m'galaja, kuti tisunga chiyani, kangati pa sekondi, ndipo memory ikadzaza chitayike n'chiti. Malangizo awa ndalembera makaniko kapena mnyamata wa laputopu amene wapatsidwa ntchitoyi m'timu yaing'ono, monga matimu amene amathamanga ku Zwartkops kufupi ndi Pretoria kapena ku Killarney ku Cape Town, komwe munthu mmodzi yemweyo amapopa matayala, kuthira petulo n'kuonanso za data.

Choyamba, dziwani nkhokwe imene muli nayo

Ma logger amasunga data m'njira zitatu. Ena ali ndi memory yam'kati yosachotseka. MoTeC C125, ya kampani ya ku Australia, imasunga 120 MB, ndipo ECU yawo ya M150, kompyuta yoyendetsa injini, imasunga 250 MB. Zipangizo za AiM za ku Italy, monga MXS ngakhalenso MyChron5 ya pa ma kart, zili ndi 4 GB. Ena amalemba pa khadi la SD limene mumachita kulowetsa, monga VBOX ya Racelogic kapena DL1 ya Race Technology, onse a ku Britain. Njira yachitatu ndi ya flash ya USB yolimba, imene imazulidwa pa pit stop n'kuikapo ina.

Munthu wozolowera foni ya 128 GB akamva za 120 MB amaseka. Asaseke. Logger simasunga zithunzi kapena nyimbo, imasunga manambala, ndipo nambala ndi kanthu kakang'ono. Memory imeneyo imakwana tsiku lonse ikagwiritsidwa ntchito mwanzeru, komanso imatha chakudya chamasana chisanakwane ikagwiritsidwa ntchito mwadyera.

Tsegulani buku la logger yanu mupeze zinthu zitatu, muzilembe pa tepi n'kumata pa chivindikiro cha laputopu: kukula kwa memory, liwiro lalikulu limene ingalembe, ndi chimene imachita ikadzaza.

Chachiwiri, chitani masamu ake ndi pensulo

Pulogalamu ya logger, kaya ndi Dash Manager ya MoTeC kapena Race Studio 3 ya AiM, ndi imene mumaikiramo zonsezi, ndipo ina imakuwerengerani yokha nthawi imene memory ikwanire. Komabe werengani nokha kamodzi, kuti mudziwe chimene chikudya malo.

Chinthu chilichonse chimene chikuyezedwa chimatchedwa tchanelo. Muyezo umodzi wa tchanelo nthawi zambiri umatenga ma byte 2. Hz ndi kuchuluka kwa miyezo pa sekondi imodzi. Ndiye mumangochulukitsa: matchanelo, kuchulukitsa ndi Hz, kuchulukitsa ndi 2.

Titenge galimoto wamba ya mpikisano wa makalabu, yokhala ndi matchanelo 25.

Matchanelo 6 oyenda pang'onopang'ono, monga kutentha kwa madzi, kwa oyilo, kwa mpweya, kwa giyabokosi, mphamvu ya batire ndi mlingo wa petulo, pa 5 Hz: miyezo 30 pa sekondi. Presha ya oyilo, presha ya petulo ndi lambda (muyezo wa kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo) pa 50 Hz: miyezo 150. RPM, throttle, buleki yakutsogolo, buleki yakumbuyo, chiwongolero ndi giya pa 100 Hz: miyezo 600. Liwiro la matayala anayi pa 100 Hz: 400. Ma G awiri, kutanthauza mphamvu yokankha galimoto cham'mbali ndi chakutsogolo, pa 50 Hz: 100. Ma damper anayi, amene ambiri timangoti ma shock, pa 500 Hz: 2,000.

Zonse pamodzi ndi miyezo 3,280 pa sekondi, kutanthauza ma byte 6,560. Onjezanipo GPS, imene manambala ake a malo amakhala aatali, ndi tina ndi tina timene logger imadzilembera, mufike pafupifupi ma byte 7,000 pa sekondi. Pa ola ndi 25 MB ndi kakang'ono. Memory ya 120 MB ikwanira maola 4 ndi mphindi 45.

Tsopano onani chimene chimachitika munthu akati "ingoikani zonse pa 500, tisaphonye kanthu". Matchanelo 25 pa 500 Hz ndi ma byte 25,000 pa sekondi, 90 MB pa ola. Memory yomwe ija yatha m'mphindi 80. Ndipo chimene mwapindula n'chiyani? Mwayeza kutentha kwa madzi ka 500 pa sekondi, madzi amene amatenga masekondi angapo kuti asinthe ndi digiri imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Onaninso kuti m'chitsanzo choyamba chija, ma damper anayi okha akudya kuposa theka la malo onse. Mukafuna kupulumutsa malo, yambirani pamenepo, osati pa tchanelo cha batire.

Chachitatu, patsani tchanelo chilichonse liwiro loyenera

Apa ndi pamene pali luso lenileni, choncho ndichedwapo.

Njira yosavuta yoganizira Hz ndi kuisandutsa mamita. Galimoto yothamanga 180 km pa ola imadutsa mamita 50 pa sekondi. Pa 10 Hz, logger ikuyang'ana kamodzi pa mamita 5 alionse. Pa 100 Hz ikuyang'ana pa masentimita 50 alionse. Pa 500 Hz, pa masentimita 10. Ndiye dzifunseni: chinthu chimene ndikufuna kuchiona chimachitika pa mtunda wautali bwanji? Ngati mukufuna kuyerekeza madalaivala awiri kuti ndani akuchedwa kuponda buleki, kusiyana kwawo kungakhale mamita atatu okha. Pa 10 Hz simukuona. Ngati mukufuna kuona tayala likukwera kerb, kachitunda ka m'mphepete mwa kona, zonse zimachitika mkati mwa mita imodzi kapena awiri, n'chifukwa chake ma damper amafuna mazana.

Pali lamulo lakale lodziwika ndi dzina la Harry Nyquist, injiniya wa ku Bell Labs amene analemba za nkhaniyi mu 1928, ndipo Claude Shannon anadzalikhazikitsa bwino mu 1949. Limati kuti mugwire chinthu chogwedezeka, muyenera kuchiyeza mwaliwiro loposa kawiri kugwedezeka kwake. Mukayeza mochedwa kuposa pamenepo, sikuti mumangotaya tsatanetsatane ayi, logger imakujambulirani bodza. Munaonapo pa kanema tayala la galimoto yothamanga likuoneka ngati likuzungulira chobwerera m'mbuyo? Kamera ikujambula mochedwa kuposa mmene tayala likuzungulirira, ndiye diso likuona chinthu chimene kulibe. Graph ya damper yoyezedwa pa 20 Hz imachita chimodzimodzi: imakuonetsani mafunde aatali osalala pomwe tayala linali kudumphadumpha, inu n'kuyamba kupotokola ma shock pofuna kukonza vuto limene silinakhalepo. Kawiri kaja ndi malire a pansi penipeni. Pantchito yeniyeni anthu amafuna kasanu mpaka kakhumi kuti graph ioneke bwino.

Chinanso pa ma damper: sensa imayeza malo, kuti shock yalowa mamilimita angati. Koma chimene injiniya amafuna kwambiri ndi liwiro la kulowa ndi kutuluka kwake, ndipo liwirolo kompyuta imalipeza poyerekeza muyezo wina ndi wotsatira. Miyezo ikakhala yotalikirana, liwiro lenileni limabisika. Ndiye ngati tsikulo ndi lokonza ma shock, musaumire, apatseni 500 Hz. Ngati simukhudza ma shock tsiku limenelo, atsitseni kapena azimitseni kumene.

Presha ya oyilo ndimaiteteza kwambiri. Ambiri amaiika m'gulu limodzi ndi kutentha, pa 1 Hz kapena 5 Hz, poti zonse ndi "za umoyo wa injini". N'kulakwa. Pa kona yaitali oyilo amakankhidwira mbali imodzi ya sampu, pampu n'kuyamwa mpweya kwa kanthawi kosakwana theka la sekondi. Pa 1 Hz kugwa kumeneko kungadutse pakati pa miyezo iwiri osaoneka, inu n'kumati injini ili bwino, pomwe ma bearing akudyeka lap iliyonse. Ikani 20 Hz kapena 50 Hz. Ma byte 100 pa sekondi si kanthu poyerekeza ndi mtengo wa crankshaft.

Kenako pali matchanelo amene amabwera kuchokera ku ECU kudzera pa CAN, njira yotumizirana data pa mawaya awiri opotana imene kampani ya Bosch inabweretsa mu 1986. ECU imatumiza nambala iliyonse pa liwiro lake. Ngati ikutumiza RPM ka 20 pa sekondi, inu n'kuuza logger kuti ilembe pa 100 Hz, ingolemba nambala yomweyo kasanu. Graph imaoneka ngati masitepe. Mukaona masitepe otero, dziwani kuti mukuwononga malo pachabe. Chimodzimodzi GPS: ngati ndi ya 10 Hz kapena 25 Hz, singakupatseni zoposa pamenepo.

Chomaliza pa gawo lino: zinthu zimene kompyuta ingawerengere pambuyo, musazilembe m'galimoto. Kugawana kwa buleki pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo kumapezeka kuchokera ku matchanelo awiri amene muli nawo kale. Siyirani pulogalamu ya i2 ya MoTeC kapena Race Studio iwerenge pa laputopu. Kupatula ngati dalaivala akufuna kuiona nambalayo pa dashboard ali mkati, palibe chifukwa choipatsira malo.

Chachinayi, uzani logger nthawi yoyamba ndi yosiya

Logger imene imayamba kulemba mukangoyatsa magetsi imadya memory galimoto ili pa jeke. Makaniko akuyang'ana waya kwa mphindi 40 ignition ili yoyaka, logger ili kalikiliki kulemba ma zero. Ikani lamulo loyambira. Lodziwika ndi lakuti iyambe RPM ikapitirira 500, kapena liwiro likapitirira makilomita 10 pa ola.

Ine ndimakonda RPM kuposa liwiro, chifukwa ndimafuna kuona presha ya oyilo ikukwera injini itangolira kumene, ndiponso mmene madzi akutenthera pamzere wodikira kutuluka. Koma ngati m'mawa mumawotha injini kwa nthawi yaitali ndipo memory ndi yaing'ono, liwiro ndi labwino.

Lamulo losiyira ndi limene anthu amaliiwala. Musalole kuti logger isiye nthawi yomweyo injini ikazima. Ipatseni masekondi 20 kapena 30. Dalaivala akazungulira pa kona injini n'kuzima, kenako n'kuilizanso, mukufuna zonse zikhale m'fayilo imodzi, osati ziduswa ziwiri zosowa pakati. Ndiponso injini ikafa, masekondi otsatira ndi amene amakuonetsani ngati madzi anapitiriza kutentha, kapena ngati magetsi ndi amene anayamba kugwa.

Chachisanu, sankhani chochitika memory ikadzaza

Pali makhalidwe awiri. Logger ina ikadzaza imangosiya kulemba, zakale zonse zili bwinobwino, zatsopano palibe. Ina imazungulira: ikafika kumapeto imabwerera koyambirira n'kumalemba pamwamba pa data yakale kwambiri. Imeneyi amaitcha cyclic. Pa zipangizo zina mumasankha nokha, pa zina wopanga anasankhiratu.

Palibe njira yosataya kanthu. Funso ndi lakuti mukulolera kutaya m'mawa kapena madzulo. Pa tsiku la mpikisano ine ndimasankha cyclic mosazengereza, chifukwa tsoka limachitika kumapeto kwa fayilo. Galimoto ikaima, mphindi zomaliza ndi zimene zili ndi yankho. Fayilo ija inathera pa lap 11 inali ya logger yoikidwa kuti isiye ikadzaza, ndipo palibe amene anaikhuthula kuyambira Lachisanu.

Pa tsiku loyesa galimoto nkhani imasiyana pang'ono. Ulendo woyamba wa m'mawa ndi umene mudzayerekezere nawo zosintha zonse za tsikulo, ndipo cyclic ikaudya simumva phokoso lililonse, palibe nyali imene imayaka. Mudzangozindikira madzulo kuti fayilo ikuyambira 11 koloko. Mankhwala ake si kusintha khalidwe la logger, koma kukhuthula ulendo uliwonse, zimene ndifotokoze pansipa. Ngati dashboard yanu imalola, ikani chenjezo loti liwoneke ku pit memory ikafika pa 80 peresenti. Musaliike kuti lizitulukira dalaivala ali pa liwiro, sangachitepo kanthu, mungomusokoneza.

Chachisanu ndi chimodzi, khadi ndi magetsi

Amene logger yawo ili ndi memory yam'kati angadutse mwachangu ndime ziwiri zotsatirazi, koma za magetsi awerenge.

Makhadi a SD oposa 2 GB mpaka 32 GB amatchedwa SDHC ndipo amabwera ndi dongosolo losanjira mafayilo lotchedwa FAT32. Akuluakulu, kuyambira 64 GB, ndi SDXC ndipo amabwera ndi exFAT, imene ma logger ambiri akale saiwerenga. Musagule khadi lalikulu poganiza kuti mukuchita bwino, onani kaye m'buku. FAT32 ilinso ndi malire ake: fayilo imodzi singapitirire 4 GB. Pa manambala okha simudzafikako. Pa kanema mufikako msanga. Kamera yolemba 16 Mbit pa sekondi ikudya 2 MB pa sekondi, kuposa 7 GB pa ola, ndipo imagunda malire a 4 GB pakatha mphindi pafupifupi 35. Zipangizo zabwino zimadula fayilo zokha n'kuyamba ina. Yesani chanu m'galaja, chisiyeni chijambule ola lathunthu, muone ngati pamalo podulapo sipakusowa kanthu. Yerekezani nokha: ola limodzi la kanema likudya malo amene manambala athu aja angadye m'maola oposa 280.

Pa khadi pamalembedwa liwiro lake. Class 10 ikutanthauza kuti silitsika pansi pa 10 MB pa sekondi polemba, U3 kapena V30 ndi 30 MB. Chofunika kwa ife ndi liwiro lotsikitsitsa limeneli, osati nambala yaikulu yokopa imene imalembedwa pa pepala lakunja. Chifukwa chake n'chakuti memory ya flash singalembe pamwamba pa zakale mwachindunji, imayenera kufufuta kaye chigawo chathunthu, ndipo pofufutapo khadi limaima kaye pang'ono. Logger imasungira data m'kamemory kake kakang'ono podikira. Khadi likachedwa kwambiri, kamemory kaja kamasefukira, m'fayilo n'kutsala mpata. Samalaninso ndi makhadi achinyengo, amene amadzitchula 64 GB pomwe mkati muli malo ochepa kwambiri. Khadi latsopano lililonse liyeseni ndi pulogalamu yaulere ya H2testw, imene imalidzaza lonse n'kuliwerenganso. Ngati thumba likulola, gulani makhadi a industrial, opangidwira kutentha kuyambira -40 mpaka madigiri 85. M'galimoto yotsekedwa masana a December ku Gauteng mumatentha ngati mu uvuni. Khadi lichitireni format mu logger momwemo ngati imatha kutero, kapena ndi SD Memory Card Formatter ya SD Association. Ndipo khadi la logger likhale la logger basi, osati mawa lili m'kamera ya ukwati.

Tsopano magetsi. Pafupifupi galimoto iliyonse ya mpikisano ili ndi swichi yaikulu yofiira yodula magetsi onse. Logger ikamalemba pa khadi, imaika data m'malo osiyanasiyana, ndipo kandandanda kosonyeza kuti fayilo ikuyambira pati n'kuthera pati kamamalizidwa potseka fayilo. Mukadula magetsi fayilo isanatsekedwe, data ingakhale ilimo koma kompyuta osaiona, kapena kuona fayilo ya ma byte 0.

Zinandichitikira chaka changa choyamba pantchitoyi. Dalaivala wathu anali bambo wachikulire amene anayamba kuthamanga kulibe ma logger, ndipo anali ndi chizolowezi chimodzi: akangoima pa pit, dzanja pa swichi yofiira, phaa, zonse zii. Loweruka lina anachita lap yabwino kwambiri pa qualifying, anatuluka m'galimoto akumwetulira, nati tione pamene ndapezera nthawi. Ndinazula khadi, kulowetsa mu laputopu, fayilo yomaliza 0 KB. Ndinayesa kulizula n'kulibwezera katatu ngati kuti lisintha maganizo. Mnzanga wina wa kwathu amene ankagwira za matayala anandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Achimwene, musawauze kuti ndi iwowo, muwauze kuti tiike nyali." Anali ndi nzeru. Tinamata kapepala pafupi ndi swichi kolembedwa kuti adikire nyali ya logger isiye kuphethira, ndipo madalawo anazolowera pasanathe mipikisano iwiri.

Choncho dongosolo lake ndi ili: zimitsani injini ndi ignition, dikirani logger itseke fayilo, kenako dulani swichi yaikulu. Zipangizo zina zili ndi kosungira magetsi mkati kamene kamazipatsa masekondi ochepa otsekera fayilo. Yesani chanu: dulani magetsi dala m'galaja kasanu, muone ngati mafayilo onse asanu akutseguka. Musaganize zolambalala swichi yaikulu ndi waya wopita ku batire musanafunse oyendera magalimoto a bungwe loyendetsa mpikisano, monga Motorsport South Africa kwa amene ali kumeneko. Swichi ija ilipo kuti pangozi pasakhale waya wamoyo. Safunsa anadya phula.

Kugwedezeka nakonso kumasuntha khadi m'malo mwake. Tsekani chitseko chake nthawi zonse, ndipo ngati chilibe loko, kachidutswa ka tepi kakwanira.

Chachisanu ndi chiwiri, khuthulani ulendo uliwonse

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Data imene ili mu logger sinakhale yanu. Galimoto ingagunde khoma ulendo wotsatira, ingapse, cyclic ingaidye.

Galimoto ikangoima, ena akuyeza matayala, inu lumikizani chingwe kapena Wi-Fi n'kukopera. Mukamaliza musathamangire kufufuta. Tsegulani fayiloyo, ya .ld ngati ndi MoTeC, ya .xrk ngati ndi AiM, ya .vbo ngati ndi VBOX, n'kuona zinthu zitatu: ma lap akukwana monga mmene dalaivala wazungulirira, lap yomaliza ikufika mpaka polowera ku pit, ndipo palibe tchanelo chongojambula mzere wowongoka. Kenako koperani fayiloyo pamalo achiwiri, flash kapena hard drive imene simaisunga m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Pamenepo ndi pamene mungafufute memory. Mapulogalamu ena ali ndi kabokosi koti azifufuta okha mukangokopera. Ine kameneko ndimakasiya kosachonga, ndimafuna dzanja langa likhale lomaliza.

Musanatumize config yatsopano ku logger, kutanthauza fayilo ya matchanelo ndi malamulo amene mwasankha, koperani kaye zimene zilimo, chifukwa pa zipangizo zina kusintha matchanelo kumafufuta memory. Ndipo config imene munagwiritsa ntchito isungeni m'foda imodzi ndi data ya tsikulo. Pakatha miyezi 6 simudzakumbukira kuti sensa ya buleki munaisintha liti, ndipo mudzadabwa kuti bwanji dalaivala akuoneka ngati akuponda mofooka.

Maina a mafayilo ayambe ndi chaka, mwezi, tsiku, kuti azidzisanja okha: 2024-03-16, bwalo, galimoto, dalaivala, ulendo wachingati. Onaninso wotchi ya logger. Zambiri zimatenga nthawi ku GPS, imene imayendera UTC, nthawi ya dziko lonse, ndipo South Africa, Zambia ndi Malawi zili maola 2 patsogolo pake. Mukapanda kukonza, ulendo wa 9 koloko uoneka ngati wa 7 koloko, n'kusokonezeka ndi zimene munalemba m'kope.

Mipikisano yaitali ndi rally

Bwererani ku masamu aja. Pa 25 MB pa ola, mpikisano wa maola 9 ngati uja wa ku Kyalami ku South Africa ukufuna pafupifupi 227 MB, ndipo simungaimitse galimoto kuti mukopere mwaufulu. Ndi memory ya 120 MB muyenera kudula. Kutsitsa ma damper kufika pa 100 Hz kukupatsani pafupifupi 14 MB pa ola, 123 MB pa maola 9. Ngakhale pa pepala sizikukwana, ndipo simunawerengere ma lap opita pa grid ndi nthawi yodikira injini ikulira. Siyani malo opuma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Kuzimitsa ma damper onse kukutsitsani kufika pafupifupi 11 MB pa ola, 97 MB mpikisano wonse, ndipo pamenepo mukhoza kugona. Ntchito ya ma shock munayenera kuimaliza pa practice. Mkati mwa mpikisano wautali chofunika ndi petulo, kutentha, presha, mabuleki ndi mmene madalaivala akusiyanirana. Choncho khalani ndi ma config awiri okonzeratu, ya practice ndi ya mpikisano, osati kumasintha manambala mothamanga mphindi 10 galimoto isanatuluke. Amene ali ndi logger ya flash ya USB amangozula n'kuika ina pa pit stop, koma flash iliyonse ikhale ndi nambala yolembedwa ndi penti, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye aziigwira.

Musadalire telemetry kuti ilowa m'malo mwa memory. Zimene zimabwera pa wailesi galimoto ikuthamanga zimakhala zochepa ndipo zimaduka kuseri kwa zitunda ndi nyumba. Ngakhale mu Formula 1, mmene magalimoto onse anayamba kugwiritsa ntchito ECU ya mtundu umodzi ya McLaren mu 2008 ndipo ma injiniya amaona manambala nthawi yomweyo, galimoto ikalowa m'galaja amailumikizabe chingwe kuti atenge data yonse.

Rally ili ndi vuto lakelake. Pa mpikisano ngati Zambia International Rally, galimoto imathamanga pa stage, chigawo cha msewu chimene amawerengera nthawi, kenako imayenda mtunda wautali pamsewu wamba kupita ku stage ina, ndipo laputopu imakumana nayo ku service park kokha. Lamulo la RPM 500 lilemba zonse, kuphatikizapo ola lathunthu loyenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa lole. Werengani maola onse a pakati pa service ina ndi ina, osati a ma stage okha. Ngati logger yanu imalola magulu awiri a matchanelo, ikani gulu la injini lizilemba nthawi zonse pa liwiro lotsika, ndipo gulu lolemera la ma damper ndi matayala liziyatsidwa ndi swichi ya co-driver, wowerengera dalaivala njira, poyambira stage. Kuyatsa swichiyo kulembedwe pamwamba pa tsamba loyamba la manotsi a stage iliyonse, chifukwa pa mzere woyambira wotchi ikuwerenga masekondi 10 omaliza, palibe amene amakumbukira za logger. Pofika ku service, pukutani fumbi pa chitseko cha khadi musanachitsegule, ndipo khadi lotuluka lilowe m'kabokosi kake, osati m'thumba la ovolosi momwe muli ma washer ndi mchenga.